Tikudzala mitengo dzinja lililonse, nanga bwanji nkhalango zikupepukabe?

Funso: Ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina ku Chilomoni, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Dzinja lililonse timamva pa wailesi kuti dziko ladzala mitengo mamiliyoni ambirimbiri, wailesi yomweyonso n'kumatiuza kuti nkhalango zikutha. Mnyamata wina wa Fomu 4 anandionetsa pa foni chithunzi cha setilaiti, phiri la Michiru lili biriwiri, n'kundifunsa ngati akuluakulu sakungokokomeza. Ndinamvanso kuti akatswiri masiku ano amayeza kulemera kwa mitengo yomwe ili pamwamba pa nthaka, osati kukula kwa malo kokha. Amayeza bwanji, ndipo kuno kwathu kulemerako kukukwera kapena kukutsika?

Yankho: Aphunzitsi, kukutsika, ndipo kwakhala kukutsika kwa zaka zoposa 30. Koma mnyamatayo musamukalipire, chithunzi chake sichikunama. Kuchuluka kwa mbande zodzalidwa, kubiriwira kwa phiri ndi kulemera kwa mitengo ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ziwiri zoyambazo zikhoza kukwera chachitatucho chikutsika.

Ndiyambe ndi mtengo umodzi. Chomwe timayeza ndi thunthu, khungwa, nthambi ndi masamba, zonse zitauma. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ambiri, nthawi zina mpaka theka la kulemera kwake, choncho timachekako tizidutswa n'kutiika mu uvuni wa ku labotale pa madigiri 105 mpaka sikelo itasiya kutsika. Pa kulemera koumako, magawo pafupifupi 47 pa 100 alionse ndi kaboni, ndipo tani imodzi ya kaboni ikapsa imatulutsa matani 3.67 a mpweya uja ukutenthetsa dziko. N'chifukwa chake a zanyengo amaikonda nkhaniyi. Ine mtima wanga uli pafupi kuposa pamenepo, poti kulemera kwa mitengo ndiye nkhuni, makala, matabwa ndi mapolo omwe dziko lili nawo m'manja lero.

Nkhalango yonse sitingaigwetse kuti tiiike pa sikelo. Timagwetsa mitengo yochepa, yaing'ono ndi yaikulu, ya mitundu yosiyanasiyana, n'kuiyeza chidutswa ndi chidutswa mpaka tipeze ubale wa pakati pa kunenepa kwa thunthu ndi kulemera kwa mtengo wonse. Kwathu kuno ntchito yotere inatuluka mu 2016, pamene Daud Kachamba wa ku LUANAR ndi anzake anayeza mitengo 74 m'nkhalango zinayi za boma: Mtangatanga ku Mzimba, Kongwe ku Dowa, Mua-Livulezi ku Dedza ndi Tsamba ku Neno, konkuno kwa aneba athu. Ina mwa mitengoyo anaifukula ndi mizu yomwe, ndipo zinaoneka kuti pansi pa nthaka pamakhala chuma china chochuluka chomwe maso saona. Ubale uja ukapezeka, munthu amangofunika tepi. Amayeza thunthu pa mamita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, amayeza kutalika, kenako amaona mtundu wa mtengowo, chifukwa muwanga umalemera kangapo kuposa mlambe wa kukula komweko.

Nkhani yonse yagona apa. Thunthu likanenepa kawiri, kulemera sikukwera kawiri ayi. Kumakwera kanayi, ndipo poti mtengowo umakhala utatalikanso, nthawi zambiri kumafika kasanu kapena kupitirira. Mombo wa masentimita 10 m'mimba mwake, wotalika mamita 6, umalemera makilogalamu pafupifupi 22 ukauma. Mombo wa masentimita 30, wotalika mamita 12, umafika cha m'ma 390. Ndiye kuti woyamba uja mufunika 18 kuti mufanane ndi wachiwiriyu. Mbawa ya m'mphepete mwa mtsinje ya masentimita 60, yotalika mamita 20, ili ndi matani awiri yokha. Mbande ya mu chubu, mukaichotsa dothi n'kuiumitsa, siikwana ndi magalamu 50 omwe.

Ku Rwanda, dziko laling'ono kuposa lathu komanso lothithikana anthu kuposa ife, akatswiri anagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa pa ndege ndi makompyuta kuwerenga mtengo uliwonse m'dziko lonse. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2022: mitengo yoposa 350 miliyoni. Ya m'nkhalango zachilengedwe inali 11 yokha pa 100 iliyonse, koma inali itasunga kupitirira pang'ono theka la kaboni yense wa m'mitengo ya dzikolo. Mitengo ina yonse, ya m'minda, m'madambo ndi yodzalidwa, inagawana theka linalo. Ziwerengero zimenezi muwalembere ana anu pa bolodi.

Tsono kwathu. Lipoti la 2020 la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, likuti Malawi anali ndi nkhalango ya mahekitala 3.5 miliyoni mu 1990, ndipo pofika 2020 inatsala 2.24 miliyoni. Pa mtunda wonse wa dziko lino, kuchotsapo nyanja, kumeneko n'kutsika kuchoka pa magawo 37 kufika pa 24 pa 100 alionse. Mukagawa mupeza mahekitala 42,000 chaka chilichonse, chiwerengero chosasintha kwa zaka 30, zomwe zikukuuzani kuti ndi mzere wojambulidwa pakati pa miyezo yochepa, osati kuti munthu amapita kukayeza chaka ndi chaka. Chiwerengero cha 33,000 chomwe mumachimva kawirikawiri m'malankhulidwe a akuluakulu chinachokera m'malipoti akale a bungwe lomwelo. Ziwerengero ziwirizi n'zosiyana, koma zonse zikuloza kumunsi. Anthu tinali 4 miliyoni pa kalembera wa 1966, mu 2018 tinakwana 17.5 miliyoni, ndipo ambiri mwa ife tikudalira khasu ndi nkhuni. Nkhalango ya miombo yosasokonezedwa imakhala ndi matani cha m'ma 55 pa hekitala kumalo ouma, ndi 90 kapena kuposa kumalo a mvula yambiri. Chulukitsani 42,000 ndi 55, mupeza matani opitirira 2 miliyoni ochoka chaka chilichonse chifukwa chongosandutsa nkhalango kukhala munda.

Komabe chomwe chimandivutitsa maganizo si chimenecho. Pa tanthauzo la FAO, malo amatchedwa nkhalango akakhala osachepera theka la hekitala, mitengo yake yotalika kuposa mamita 5, ndipo nthambi zake zikuphimba magawo oposa 10 okha pa 100. Taganizani: malo omwe mitengo inali yogundana mitu, munthu akhoza kuchotsamo mlombwa wonse wa matabwa, muwanga, mombo ndi tsanya wa makala, n'kusiya timitengo tapatalipatali, koma m'buku malowo akadali nkhalango. Hekitala yomwe inali ndi matani 60 yatsala ndi 15, mapu osasintha mtundu. Zili ngati kuwerenga nkhokwe m'mudzi osasuzumira m'kati kuti muone chimanga chafika pati. Akatswiri a pa yunivesite ya Edinburgh anayeza zimenezi m'nkhalango za kuno kumwera kwa Africa pogwiritsa ntchito zithunzi za radar (chida chotumiza mafunde pansi n'kuyeza obwerera) za 2007 mpaka 2010. Anapeza kuti kupatulira kotereku kunakhudza magawo 17 pa 100 a nkhalango, ndipo pa kulemera konse kotayika, magawo 55 anachoka mwa njira imeneyi, kuposa otayika chifukwa cholambula kotheratu. Anapezanso kuti pafupifupi theka la nkhalangozo zinali kuwonjezera kulemera, makamaka kutali ndi misewu ndi matauni. Vuto lathu n'lakuti ku Malawi, makamaka m'chigawo cha kumwera, malo akutali ndi msewu ndi ochepa.

Chithunzi cha mnyamata uja chikulowa apa. Kamera ya setilaiti imaona mtundu, siona kunenepa kwa thunthu. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha setilaiti ya Landsat ndi malo a mamita 30 mbali zonse, ka setilaiti ya Sentinel-2 ndi mamita 10. Mu February udzu, chimanga, zitsamba ndi mphukira za pa zitsa zonse zimabiriwira, nthawi zina kuposa nkhalango yeniyeni. Mu August miombo yabwinobwino imayoyola masamba n'kuoneka ngati yafa, kudikira masamba ofiira aja a mu September ndi October. Komanso zithunzi za pa foni sizikhala za dzulo, muuzeni ayang'ane deti lake. N'chifukwa chake oyeza kulemera amadalira zida zina. Radar ya masetilaiti a ku Japan otchedwa ALOS imalowa kupyola masamba n'kukagunda nthambi ndi thunthu. Chida cha GEDI, chomwe chinakwezedwa kumwamba mu December 2018, chimayeza kutalika kwa mitengo ndi kuwala kwa laser. Mu April 2025 a ku Ulaya anaulutsa setilaiti yotchedwa Biomass yopangidwira ntchito imeneyi basi. Zonsezi zimafunabe munthu wa tepi pansi kuti atsimikize. Mu 2018 dipatimenti ya zankhalango inachita kalembera wa nkhalango m'dziko muno ndi thandizo la USAID, ndipo maganizo anga ndi akuti ndalama yobwerera ku malo omwewo zaka zisanu zilizonse iyenera kuchokera m'thumba la boma lathu. Muyezo umodzi umangokuuzani pomwe muli, osati komwe mukulowera.

Za Blantyre simufunika setilaiti. Funsani agogo a ku Ndirande akuuzeni momwe phiri lija linalili lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe ulamuliro unkasintha ndipo chitetezo cha nkhalango za boma chinafooka. Soche, Mpingwe ndi Bangwe anatsata njira yomweyo, phiri la Thyolo nalonso. Michiru ndiye anapirira nthawi yaitali, koma zaka zaposachedwapa nkhwangwa yalowamo koopsa, ndipo inu a ku Chilomoni mumakumana nayo mitolo ndi matumba akutsika m'mawa. Ku Mulanje, kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo 7 yokha ya mkungudza yokhwima, mtengo womwe timautcha wa fuko lathu. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe mu March 2023, ambiri anati mitengo ikanakhalapo sizikanachitika. Ine ndinganene mosamala: mvula ija inali yoopsa moti nthaka ikanatha kugumuka ngakhale pa malo a mitengo, koma mizu imamanga dothi la pamwamba, ndipo phiri lokhala ndi nkhalango silikhala ndi nyumba m'njira ya madzi.

Mapiri a mu mzinda atatha, Blantyre sanasiye kudya mitengo. Anangotalikitsa dzanja. Imani pa msewu wa Zalewa m'bandakucha muone njinga zitasenza matumba atatuatatu kuchokera ku Neno ndi Mwanza, kapena pa msewu wa Chikwawa muone zikukwera chitunda. Madera a Mwanza ndi Neno anali atayamba kale kupepuka m'zaka za m'ma 1980, pamene dziko lino linalandira anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique. Kafukufuku wa makala wa 2007 anapeza kuti mizinda inayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, inkagwiritsa ntchito matumba 6 miliyoni pachaka, ofuna nkhalango ya mahekitala 15,000, ndipo magawo pafupifupi 60 pa 100 a makalawo ankachokera m'malo otetezedwa. Kuyambira nthawi imeneyo mizinda yakula, ndipo lero mabanja atatu mwa anayi alionse a m'tauni amaphikira pa mbaula.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Uvuni wa dothi umafuna makilogalamu 5 mpaka 8 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Thumba la makilogalamu 38 ladya nkhuni zapakati pa 190 ndi 300, kutanthauza kuti mombo uja wa masentimita 30, womwe watenga zaka makumi angapo kuti ufike pamenepo, umatulutsa thumba limodzi kapena awiri. Banja lomaliza thumba limodzi pamwezi limadya matani awiri kapena atatu pachaka. Miombo imakula pang'onopang'ono, tani imodzi kapena ziwiri pa hekitala pachaka. Mzinda wa Blantyre unali ndi anthu 800,000 mu 2018. Tikati pa banja pali anthu anayi kapena asanu, ndipo atatu mwa mabanja anayi ali pa mbaula, tikupeza mabanja cha m'ma 135,000, odya matani oposa 300,000 pachaka. Kuti nkhuni zimenezi zichokere pa kukula kwa chaka kokha, osakhudza mpamba, pafunika miombo yabwino ya mahekitala oposa 200,000, malo aakulu ngati boma lonse la Blantyre, mzinda ndi midzi yake yomwe. Apa sitinawerengere mauvuni a njerwa, mabekale, masukulu ogonera konko ndi zipatala.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti kulanda njinga pa lodibuloko kungasinthe kutsika kwa nkhalango kuja. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakula, koma mayi wa ku Mbayani ayenera kuphika madzulo ano. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale a makuka a magetsi anabwerera ku mbaula. Wootcha makala ku Neno akuyankha kuitana kwa makhitchini athu. Makala a chilolezo ochokera ku mitengo yodzalidwa alipo, monga a Kawandama Hills ku Viphya, gasi naye akufalikira, koma zonsezi zikadali zochepa poyerekeza ndi njala ya mzinda.

Nanga mamiliyoni a mbande aja? Tiyerekeze kuti pa nyengo yodzala mitengo, kuyambira 15 December mpaka 15 April, tadzala 40 miliyoni. Pa mpata wa mamita atatu mbali zonse, zimenezi zikwana mahekitala 36,000, pafupifupi ofanana ndi omwe tikutaya. Koma pa sikelo, mbande zonsezo sizipitirira matani 2,000 tsiku lodzala, pamene zochoka ndi matani oposa 2 miliyoni. Mbande ndi lonjezo chabe, ndipo lonjezolo liyenera kudutsa chiswe, mbuzi, ng'amba ndi moto wa osaka mbewa. Timalengeza zodzalidwa mu January, koma zamoyo mu October sitizilengeza. Sindikunyoza kudzala. Bulugama kapena paini pa nthaka yabwino amakula kangapo kuposa miombo, ndipo mtengo uliwonse wodzalidwa womwe walowa pa moto wapulumutsa mombo wina. Koma Blantyre anaona kale: m'zaka za m'ma 1980 dziko la Norway linathandiza kudzala bulugama wa nkhuni m'mapiri ozungulira mzinda uno, mahekitala masauzande angapo, ndipo ambiri anatha pamene nkhani ya mwini wake ndi wodyerera phindu inasokonekera. Ku Chikangawa, nkhalango yodzalidwa ya mahekitala 53,000 inadulidwa ndi kupsa mofulumira kuposa momwe inkabwezeretsedwera. Dziko lathu linalonjeza kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Lonjezo limeneli liyenera kuyezedwa ndi tepi pa thunthu, osati ndi machubu otuluka ku nazale.

Chomwe chimandipatsa chiyembekezo ndi zitsa. Mtengo wa miombo ukadulidwa kawirikawiri sufa. Mizu yake, yomwe yakhala ikukula kwa zaka zambiri, imakhala ili moyo, ndipo chitsa chimatulutsa mphukira zomwe zimathamanga kuposa mbande iliyonse chifukwa madzi zikuwapeza kale pansi. Mlimi akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kudulira zinazo, n'kuteteza malowo ku moto ndi ziweto, pakatha zaka 20 kapena 30 kulemera kwa thunthu ndi nthambi kumayandikira pomwe kunali. Mdani wamkulu ndi moto wa mu September ndi October. Kuyesa komwe kunayamba ku Ndola m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1930 kunaonetsa kuti malo otenthedwa mochedwa chaka ndi chaka mitengo yake ikuluikulu inatha, pamene otenthedwa msanga, udzu usanaumitsitse, anakhalabe nkhalango. Kumene kuli mwini woteteza, kulemera kumakhalapo kapena kukwera: ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, m'nkhalango za m'midzi zomwe mafumu ndi makomiti awo akuzigwira mwamphamvu, ndi kumanda. Mukamayenda pa basi kupita ku Lunzu kapena Chiradzulu, kagulu ka mitengo ikuluikulu komwe mumakaona pakati pa minda yoyera kawirikawiri ndi manda, ndipo kakukuonetsani zomwe nthaka imeneyo ikhoza kusenza. Mitengo ya m'minda ndi pakhomo nayo si yochepa: mango, msangu, mthethe, malaina. Mabuku a nkhalango saiwerenga, koma mabanja ambiri akumudzi ndi momwe akupezera nkhuni.

Kalabu yanu ikhoza kuyeza yokha. Pemphani chilolezo kwa a zankhalango ku Michiru, kapena kwa amfumu ngati ndi malo a mudzi. Dulani malo a mamita 20 mbali zonse, muike zikhomo m'makona anayi. Mtengo uliwonse wonenepa masentimita 5 kapena kuposa muulembe nambala ndi penti, muikenso kamzere pa mamita 1.3 kuti chaka chamawa tepi idzadutse pomwepo. Tepi ya telala ndi yokwanira: zungulizani thunthu, zomwe mwapeza mugawe ndi 3.14. Kutalika muyerekeze poimika nsungwi ya mamita odziwika pambali pa mtengo. Kwa mitengo yolimba ya miombo, chulukitsani kunenepa (m'masentimita) ndi kunenepa komweko, kenako ndi kutalika (m'mamita), kenako ndi 0.036, mupeza makilogalamu oyerekeza. Phatikizani mitengo yonse, muchulukitse ndi 25, ndiye kulemera kwa pa hekitala. Chitani malo atatu: limodzi pafupi ndi njira ya otola nkhuni, lina m'kati, lina pomwe panadulidwa kale. Zitsa nazo muziyeze ndi kuzilemba, chilichonse ndi kunenepa kwake, ngati chaphukira, ndi ngati chili ndi zipsera za moto. Mubwerereko mwezi womwewo chaka chamawa, ndipo bukulo lizikhala ku ofesi ya sukulu kuti a Fomu 1 a chaka chino adzalipeze akadzafika Fomu 4.